Nyenyezi zitatu: anati zonse zimasungunuka, koma PLLA sasungunuka

Nyenyezi zitatuzi ndazipereka chifukwa cha mankhwala, osati chifukwa cha amene anandilandira pa kiliniki. Pa nkhope imodzi panabayidwa zinthu ziwiri: jakisoni wa poly-L-lactic acid wodzutsa kolajeni (ulusi wachilengedwe umene umalimbitsa khungu), amene ambiri amangomuti PLLA, m'masaya ndi m'mbali mwa mphumi, komanso filler (mankhwala odzaza khungu) ya hyaluronic acid pa mizere yotsika kuchokera pamphuno kupita kukamwa. Pa za mtengo, PLLA salipirira ulendo umodzi.

Chimene chandilembetsa ndi yankho la namwino nditamufunsa ngati pali njira yobwerera m'mbuyo zinthu zikalakwika. Anati: “Musadandaule mayi, zonsezi ndi ma filler basi. Mukapanda kuzikonda timangosungunula.” Mawuwa ndi oona pa chinthu chimodzi chokha mwa ziwirizo, ndipo munthu wogwira singano ayenera kudziwa chimenecho kuposa wina aliyense.

Filler ya hyaluronic acid, monga Restylane, Juvéderm kapena Belotero, ndi jelo yofewa imene imakoka madzi. Ikalowa imadzaza pomwepo, mumatuluka mukuona kusintha. Sirinji imodzi imakhala 1 ml, kamene ndi kagawo kamodzi mwa magawo asanu a sipuni yaing'ono, choncho musadabwe ngati imodzi yokha siinasinthe nkhope yonse. Jeloyi ili ndi mankhwala oithetsa otchedwa hyaluronidase, amene amaiphwanya mkati mwa tsiku limodzi kapena awiri. PLLA, amene wodziwika kwambiri ndi Sculptra, ndi nkhani ina. Amabwera ngati ufa wouma m'kabotolo, ndipo ndi wa mtundu womwe uja amapangira ulusi wosokera mabala umene umatha wokha m'thupi. Ntchito yake si kudzaza. Thupi likaona tinjere take limayamba kuluka kolajeni watsopano motizungulira, pang'onopang'ono. Hyaluronidase alibe mphamvu pa tinjereto, ndipo alibenso mphamvu pa kolajeni amene thupi lanu lapanga.

Tsopano onani zimene zinachitika pa tebulo. Kabotolo ka PLLA kamakhala ndi 150 mg, ndipo kamafuna madzi ambiri. Malangizo a Sculptra amene anavomerezedwa ku America mu 2021 amati madzi a jakisoni 8 ml, ndipo wobaya angathe kuwonjezera 1 ml ya lidocaine kuti pachite dzanzi. Namwino uja anathira 4 ml yokha, nagwedeza kanthawi kochepa, nakokera mu sirinji pamodzi ndi thovu la pamwamba. Thovulo siliyenera kukokedwa chifukwa ndi limene limatseka singano. Singano inatsekadi kawiri pa tsaya lamanzere. M'malo moichotsa n'kuika ina, iye anakankha ndi mphamvu, ndipo zimene zinatsakamirazo zinalowa nthawi imodzi pamalo amodzi. Anabayanso mosazama, moti khungu linkatukuka n'kuyera pansonga ya singano. PLLA amafuna kuikidwa pansi, m'mafuta a kunsi kwa khungu kapena pamwamba pa fupa, momwazika, osati muli mulu. Atamaliza sanatikite, ndipo sanatchule n'komwe lamulo limene aliyense wodziwa ntchitoyi amauza wodwala asanatuluke pakhomo: kutikita mphindi 5, kasanu pa tsiku, kwa masiku 5.

Masiku atatu oyamba masaya anaoneka odzaza, kenako anaphwa. Izi si vuto, ndi madzi aja akulowa m'thupi, ngakhale kuti pa kiliniki panalibe amene anachenjeza. Vuto linaonekera patapita miyezi iwiri: timibulu titatu tolimba, kalikonse kukula kwake ngati mutu wa machesi, pa tsaya lomwe lija singano inatseka, pafupi ndi mzere wa pamphuno. Tiwiri tinkangomveka ndi chala, kachitatu kankaoneka kuwala kukachokera cham'mbali.

Apa mpamene bodza lija linabala zipatso. Namwino yemweyo anakhudza timibuluto n'kunena kuti ndi nkhani yaing'ono. Anabaya hyaluronidase, ndipo analipiritsa. Timibulu sitinasunthe. Chimene chinasungunuka ndi filler yabwinobwino imene inali pa mzere wapafupi, chifukwa hyaluronidase amayenderera m'mnofu, sakhala pomwe wabayidwa pokha. Zotsatira zake, mbali yamanja mzere unali wosalala, mbali yamanzere unabwerera mwakale, timibulu tili chikhalire. Kulipira kuti akuchotsereni chinthu chimene munalipira kale, pomwe chovutacho sanachikhudze, n'kumene sindingakhululuke msanga.

Timibulu ta PLLA tili ndi njira zake. Ngati tayamba chifukwa mankhwala anaunjikana, dokotala amabaya saline, madzi a mchere a kuchipatala, pomwepo, n'kuswa kambuluko ndi nsonga ya singano, n'kutikita mwamphamvu. Ngati ndi kutupa kofiira kobwera mochedwa, kumene amati granuloma, amagwiritsa ntchito steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, monga triamcinolone, nthawi zina mophatikiza ndi 5-fluorouracil. Pamenepa a khungu lakuda achenjere kwambiri: steroid wochuluka kapena wobayidwa pamwamba amasiya banga loyera ndi kadzenje, ndipo bangalo limaoneka kuposa kambulu komwe. Kudula ndi njira yomaliza. Timibulu tambiri tating'ono timatha tokha PLLA akamaphwanyika m'thupi, koma imeneyo ndi nkhani ya miyezi yambiri.

Palinso funso limene silinafunsidwe pa fomu kapena pakamwa: ngati khungu limapanga zipsera zotukuka, zija amati keloid. Malangizo a Sculptra amanena poyera kuti anthu otere asabayidwe, ndipo n'zomveka, chifukwa mankhwalawa amagwira ntchito podzutsa kolajeni yemweyo amene amachuluka pa chipsera chotukuka. Khungu lakuda limakhala ndi vutoli kawirikawiri. Kiliniki yosafunsa zimenezi ikusewera ndi nkhope za anthu.

Koma ndinene chilungamo. Ulendo wachiwiri ndi wachitatu anabaya ndi dokotala wamkulu wa pamalopo, ndipo ntchito yake inali yosiyaniratu. Anasakaniza ndi madzi okwanira, anasiya thovu, anagwiritsa ntchito kanula, kachubu kobuntha kunsonga, m'malo mwa singano yakuthwa m'masaya, anatikita yekha asanalole kudzuka, ndipo anasiya masabata 6 pakati pa maulendowo. Anavomereza kuti hyaluronidase uja sanayenere kubayidwa, nabwezeretsa filler ya kumanzere popanda kulipiritsa. Pofika mwezi wachisanu, m'mbali mwa mphumi momwe munali mokumbika munadzaza, ndipo khungu la m'masaya linalimba ukalitsina. Kusinthako sikuoneka ngati chinthu choikidwa. Filler siichita zimenezi pa malo aakulu popanda masirinji ambiri, ndipo masirinji akachuluka nkhope imayamba kuoneka yotupa, makamaka pomwetulira.

Mbiri ya mankhwalawa imasonyeza kumene mphamvu yake ili. Ku America, Sculptra anavomerezedwa mu 2004 kwa anthu amene ali ndi HIV amene mafuta a pankhope anawathera, ndipo mu 2009 mpamene analoledwa pa zokongoletsa. Ndi mankhwala a nkhope yophwa ponseponse, yolowa masaya. Zotsatira zake zimatha kufika zaka ziwiri. Sali oyenera pa milomo, ndiponso sayenera kuyandikira maso, chifukwa khungu lopyapyala ndi minofu yoyendayenda zimaunjika tinjere pamodzi. Amene akufuna kuoneka bwino pa mwambo wa sabata ya mawa aiwale za PLLA.

Filler ya hyaluronic acid ndaipeza yabwino pa ntchito yake: mzere umodzi, mlomo, chibwano, malo amene akufuna muyeso weniweni. Imakhala miyezi 6 mpaka 18 kutengera mtundu ndi malo, ndipo pa milomo imatha msanga kuposa pa fupa la tsaya. Zovuta zake n'zodziwika. Ikabayidwa mosazama kunsi kwa diso imaoneka yobiriwira mwa buluu, imakoka madzi n'kutupitsa m'mawa, ndipo pa milomo yodzazidwa mobwerezabwereza imasefukira pamwamba pa mpendero. Zonsezi zimakonzeka ndi hyaluronidase, ndipo ichi ndicho chimaipatsa mwayi kwa woyamba kumene.

Radiesse sanabayidwe pa nkhope iyi, koma anatchulidwa pa kiliniki ngati kuti ndi filler wamba. Ndi calcium hydroxylapatite m'jelo, amadzaza nthawi yomweyo kenako n'kudzutsa kolajeni, amakhala chaka kapena kupitirira pang'ono, ndipo amaoneka pa X-ray. Nayenso hyaluronidase samuchotsa.

Kusiyana kumeneku kumakula kwambiri pa ngozi yoopsa kuposa zonse, pamene mankhwala alowa mu mtsempha wa magazi n'kuutseka. Zizindikiro zake ndi ululu woposa wa singano, khungu kuyera mwadzidzidzi kenako kuchita mawangamawanga akuda ngati ukonde, ndipo ngati ndi pamphuno kapena pakati pa nsidze, maso angasiye kuona. Imeneyi si nkhani yodikira mawa. Ikakhala hyaluronic acid, dokotala amabaya hyaluronidase wambiri mobwereza mpaka magazi atayambanso kuyenda. Ikakhala PLLA kapena Radiesse, chosungunulira chotero palibe. N'chifukwa chake ndinakwiya kumva munthu wovala yunifomu akunena kuti zonse ndi chimodzimodzi. Musanagone pa bedi lawo, pemphani kuti muone kabotolo kakutsegulidwa pamaso panu, akuuzeni madzi amene athire ndi angati, alembe dzina la mankhwala ndi nambala ya batch (nambala ya kufakitale ya pa kabotolo) m'fayilo yanu, ndipo akuonetseni kuti hyaluronidase alipo m'chipindamo tsiku lomwelo. Auzeninso ngati mumamwa aspirin kapena mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, chifukwa mikwingwirima imakula, koma musasiye mankhwala a dokotala pa inu nokha.

Panopa papita miyezi 9. Timibulu tiwiri tinatha dokotala atabaya saline kawiri, kachitatu kachepa koma chala chimakapezabe. Kwa dokotala uja ndingabwererenso, ndipo PLLA ndingabayitsenso m'mbali mwa mphumi. Ndalama za hyaluronidase uja sanabweze mpaka lero, ndipo kapepala ka pa tebulo lolandirira alendo kakadali ndi mzere wonena kuti majakisoni awo onse amasungunuka.