Chitenje cha thonje kapena cha poliyesitala?

Pamsika maluwa a zitenje amatha kufanana, koma ulusi wake ndi wosiyana. Thonje ndi la m'munda, monga la ku Chikwawa ndi Balaka: amalichotsa njere pa makina, kulipesa kuti timaulusi tiyang'ane kumodzi, kenako n'kupota. Poliyesitala ndi pulasitiki wochokera ku mafuta a pansi, amene amamusungunula n'kumukoka kukhala ulusi.

Kusiyana kwake kumamveka pathupi. Thonje limasunga chinyezi pafupifupi 8 pa 100 ya kulemera kwake, poliyesitala safika ngakhale 1. N'chifukwa chake mu Okutobala, mwana ali kumsana, cha thonje chimamwa thukuta pomwe chinacho chimangomata. Thonje limalimbanso likanyowa, moti kulichapa pamwala sikuliwononga msanga, ndipo simbi yamakala limaipirira. Kungoti limakwinyika, limachedwa kuuma, ndipo limafupikako mukalichapa koyamba.

Poliyesitala ndi wotchipa ndipo sachedwa kuuma, koma kwa mayi wophika pa mbaula sindingamuyamikire: akagwira moto amasungunuka n'kumatirira pakhungu.

Wogulitsa akanenetsa kuti ndi thonje lenileni, sololani kaulusi m'mphepete, mukakayatse kunyumba. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa. Poliyesitala amasiya kambulu kakuda kolimba.