Shepard wakale kapena watsopano mu Mass Effect 2?

Mass Effect 2, gemu yomwe kampani ya BioWare idatulutsa mu 2010, imakulolani kubwera ndi Shepard (msilikali yemwe inu mumamuyendetsa) wanu wa m'gemu yoyamba ya 2007 kapena kuyamba ndi watsopano.

Watsopano sachedwetsa, koma zomwe adachita m'gemu yoyamba amakulemberani ena. Wrex, mnzanu wankhondo wa m'gemu yoyamba, adafera kale ku dziko la Virmire, ndipo mukafika kwawo ku Tuchanka mumapeza m'bale wake Wreav ali pampando waufumu, wosakulabadirani n'komwe.

Wakale uja amabwera ndi nkhope yomwe mudaiumba nokha, zosankha zanu zonse, ndi kandalama koyambira. Ngati mudamupulumutsa Wrex, amadzambatuka pampandopo kudzakugwirani chanza, ndipo ine pamenepo mtima udachita kuti myaa. Zowawa nazo zimakutsatani: mnzanu amene mudamusiya kuti afe ku Virmire, kaya Ashley kaya Kaidan, sabweranso. Ngakhale zili choncho, ine ndimatenga wakaleyo.