Tikiti ya basketball ku Arizona State: ndalama yanu ili pa katani yakuda ija

Ngati muli ku Phoenix, ku America, kapena mwabwera kudzacheza kwa achibale pakati pa Novembala ndi Malichi, wina n'kukuuzani kuti tiyeni ku Tempe, tauni yoyandikana nayo, tikaonere basketball ya ana a koleji, musakane. Koma tikiti musangogula poti ndi tikiti. Pa Desert Financial Arena, bwalo limene timu ya yunivesiti ya Arizona State imasewerera, mpando umene mwasankha ndi umene uweruze ngati muone chimene anthu amakambirana m'sitima pobwerera, kapena mungoona anyamata ataliatali akuthamanga uku ndi uku mpaka nthawi itatha.

Ine ndine wa mpira wamiyendo. Amene anandikokera kumeneko ndi mayi wina amene timagwira naye ntchito, mwana wake amaphunzira pa yunivesitiyo. Atanena kuti tikaone "Curtain of Distraction", katani yosokoneza adani, ndinamufunsa ngati ndi sewero la pasiteji. Anangoseka n'kundiuza kuti ndidikire chigawo chachiwiri.

Kwa amene masewerowa sanawazolowere, nkhani yonse yagona pa free throw. Wosewera akachitiridwa faulo pamene akuponya, oyimbira amaimitsa masewero n'kumupatsa mpira pa mzere umene uli mafiti 15 kuchokera pa bolodi limene pali ringi yolowetsamo mpira. Palibe womutchinga, palibe womukhudza. Ali ndi masekondi 10 kuti aponye, ndipo ukalowa ndi pointi imodzi. Ku koleji anyamatawa amalowetsa pafupifupi 7 mwa 10 iliyonse. Ndi ntchito imene amaibwereza tsiku ndi tsiku mpaka manja amangochita okha: kunjanjitsa mpira kangapo, kupuma, kupinda mawondo, kuponya. Aliyense ali ndi kamwambo kake ndipo sasintha. Wina amapukuta dzanja pa kabudula, wina amazunguza mpira m'manja kaye. Ochemerera akufuna kuthyola kamwambo kameneko, basi.

Kuseri kwa ringi imodzi kumakhala ophunzira okhaokha, atavala zachikasu, ataimirira masewero onse ngati mipando inawalakwira. Gulu lawo limatchedwa 942 Crew, dzina lochokera pa chiwerengero cha mipando ya chigawo chawocho. Ndi iwowa amene anayambitsa kataniyi mu 2013, nthawi imene ophunzira ambiri sankabwera n'komwe kudzaonera timu yawo. Masewero a amuna ali ndi zigawo ziwiri za mphindi 20, ndipo matimu amasinthana mbali pakati. M'chigawo choyamba alendo amaponya kutali ndi ophunzirawo. M'chachiwiri amaponya atayang'anizana nawo maso ndi maso, ndipo apa ndi pamene katani imagwira ntchito.

Chinthucho pachokha n'chosaoneka bwino n'komwe. Ndi nsalu yakuda yopachikidwa pa mapaipi, yoti mutaipeza pakhomo pa telala simungaicheukire. Faulo ikaimbidwa, ophunzira awiri amaima uku ndi uku atagwira nsongazo. Mlendo amafika pa mzere, oyimbira amamuponyera mpira. Amanjanjitsa kamodzi, kawiri. Pamene akukweza maso kuti ayang'ane ringi, nsalu ija imatseguka mwadzidzidzi, ndipo kumbuyo kwake kuli chinthu chimene munthu wanzeru zake sangachiyembekeze m'bwalo la masewero.

Usiku umene ndinakhala pafupi kwambiri, choyamba kutuluka anali mnyamata wa ndevu zake atavala ngati gogo: duku kumutu, diresi lamaluwamaluwa, ndodo m'manja, akukalipira woponyayo ngati wamubera nkhuni. Sankamveka mawu chifukwa cha phokoso, koma chala chokhacho chimene ankamuloza nacho chinali chokwanira. Woponyayo anali mnyamata wamtali wa nkhope ya mwana. Ndinaona pakamwa pake pakugwedera, akudziluma mlomo kuti asaseke. Ananjanjitsanso mpira kamodzi kowonjezera, chimene sanachite pa free throw zake za m'chigawo choyamba, ndipo mpira unagunda kutsogolo kwa ringi n'kubwerera. Bwalo lonse linaphulika. Nsalu inatsekedwa. Pa kuponya kwachiwiri inatsegukanso, gogo uja atagwa chagada miyendo m'mwamba, mnzake akumupepesa ndi katoni. Uwu unalowa, koma mnyamatayo anabwerera kumbuyo akupukusa mutu.

Sikuti zonse zimaseketsa. Zina zimakhala zozizira, anyamata awiri ovala zigoba za nyama akungovina mosadziwa chochita, ndipo woponya waluso amangolowetsa yonse iwiri osaphethira. Ine ndaona kuti zimene zimagwira ndi zimene zili ndi kankhani mkati, zoti diso likufuna kudziwa kuti zithera pati. Munthu wongovula malaya n'kumakuwa sasokoneza aliyense. Osewerawa anamuona kale m'mabwalo onse amene anapitako.

Apa ndi pamene ndinasintha maganizo pa za phokoso. Tonse timakhulupirira kuti kukuwa kumabalalitsa mdani, monga amachitira masapota kuseri kwa golo pa Kamuzu Stadium wina akamamenya penate. Koma phokoso limene munthu akuliyembekezera silimuvuta. Anthu masauzande akamakuwa pamodzi, akukupiza manja ndi zibaluni aliyense kwake, zonse zimasanduka chinthu chimodzi chosamveka, ndipo wosewera amene wakhala akuchimva kuyambira ku sekondale amachitsekera kunja. Chimene sangachikonzekere ndi chimene sanachionepo. Katani imabisa kaye, kenako imaulula pa sekondi yeniyeni imene maso ake ayenera kukhala pa ringi. Ngakhale atauzidwa ndi kochi wake kuti usayang'ane, akudziwa kuti pali china chake kumeneko, ndipo kudziletsa kuyang'anako ndi ntchito ina yowonjezera pamutu pake.

Malamulo nawo anathandiza kuti nzeru zipite ku zooneka ndi maso. M'masewero a NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji, bandi siiloledwa kuimba mpira uli mkati, ndipo zida zopangira phokoso n'zoletsedwa. Choncho vuvuzela yanu isiyeni kunyumba. Ophunzira atsala ndi pakamwa, manja ndi zovala.

Kodi zimathandizadi timu, kapena ndi chisangalalo chabe? Mu 2015 katswiri wa zachuma Justin Wolfers anawerengera nkhaniyi mu nyuzipepala ya New York Times, poyerekeza mmene alendo ankaponyera free throw katani isanayambe ndi itayamba. Anapeza kuti imapatsa Arizona State mwayi wa pointi imodzi kapena ziwiri pa masewero apakhomo. Wina anganene kuti n'zochepa, poti matimuwa amagoletsa mapointi 70 kapena kuposa. Koma masewero ambiri a koleji amathera pa kusiyana kwa mapointi awiri kapena atatu, ndipo pali lamulo lina limene limakulitsa mtengo wa kuphonya. Timu ikafika pa faulo ya nambala 7 m'chigawo chimodzi, mdani akachitiridwa faulo asakuponya amapatsidwa chimene amati one-and-one: ukalowetsa woyamba umapatsidwa wachiwiri, ukaphonya woyamba basi, mpira uli mkati ndipo mwayi wachiwiri wapita. Zimakhala choncho mpaka faulo ya nambala 10, pamene amayamba kupereka iwiri yotsimikizika. Ndiye katani ikatseguka pa woyamba wa one-and-one, mnyamata n'kuphonya, mapointi awiri apita nthawi imodzi. Mukadziwa zimenezi, mumayamba kuyang'ana nambala ya mafaulo pa bolodi lalikulu la pamwamba ngati mmene ophunzira aja amachitira.

Tsiku limene anthu a kuno amalikumbukabe ndi la mu Januwale 2016, pa masewero ndi Oregon State. Katani itatseguka, anatulukira Michael Phelps, katswiri wosambira uja, mamendulo ali m'khosi, kapu yosambirira kumutu, n'kuvula mpaka kutsala ndi kabudula wosambirira yekha. Nthawi imeneyo ankachita zokonzekera zake ku Tempe komweko, chifukwa kochi wake Bob Bowman anali atayamba kuphunzitsa timu yosambira ya yunivesitiyo. Wosewera wa Oregon State anaphonya yonse iwiri. Musapite mukuyembekezera munthu wotchuka chotero. Masiku ambiri kuseri kwa nsaluyo kumakhala ana a sukulu ndi zovala zobwereka, ndipo kwa ine ndi bwino choncho.

Kusokoneza woponya sikunayambire ku Tempe. Ku yunivesiti ya Duke, m'bwalo la Cameron Indoor Stadium lomwe limalowa anthu 9,314 okha, ophunzira otchedwa Cameron Crazies akhala akuvutitsa alendo kwa zaka zambiri, mpaka amagona m'matenti panja kudikira malo pa masewero ndi North Carolina. Mu 2003 mmodzi wa iwo anaimirira yekha anzake onse atakhala pansi, atavala kabudula wosambirira, n'kuyamba kuvina, ndipo wosewera wa North Carolina anaphonya yonse iwiri. Nzeru yake ndi yomweyo: chinthu chimodzi chachilendo pakati pa bata. A ku Arizona State anangoipatsa chitseko ndi ndondomeko. Chondiseketsa n'chakuti Bobby Hurley, amene anabwera kudzakhala kochi wa Arizona State mu 2015, anasewerera Duke yomweyo n'kutenga nayo chikho mu 1991 ndi 1992. Anachoka kwa amisala ena n'kudzapeza ena.

Tsopano za mpando. Chigawo cha ophunzira n'cha ophunzira, ndipo ngakhale mukanaloledwa, kumeneko mumaona kumbuyo kwa katani. Mukakhala kuseri kwa ringi inayo mumaiona kutsogolo koma patali, ndipo woponya wakufulatirani. Malo abwino ndi a m'mbali, cha kufupi ndi mzere wa free throw wa kumbali ya ophunzira, mizere ingapo kuchokera pansi. Pamenepo diso limodzi lili pa nsalu, lina pa nkhope ya woponya, ndipo nkhopeyo ndiye theka la zimene mwalipirira. Pogula pa intaneti yang'anani mapu a bwalo kaye mupeze kumene kuli ophunzira. Bwaloli ndi lakale, linatsegulidwa mu 1974 ndipo limalowa anthu pafupifupi 14,000, choncho mipando ya pamwamba kwambiri ndi yotsika mtengo koma katani imaoneka ngati kampango.

Mtengo umatengera mdani. Masewero a kumayambiriro kwa nyengo, ndi masukulu ang'onoang'ono, tikiti yake ndi yoti banja lonse lingapite osadandaula, koma nthawi zambiri Arizona State imakhala ili patsogolo kwambiri ndipo free throw ya mlendo ilibe kanthu. Masewero ndi University of Arizona ya ku Tucson, adani awo enieni, ndi okwera mtengo ndipo malo abwino amatha msanga. Ine ndimasankha apakati: masewero a ligi ya Big 12, imene timuyi inalowa mu 2024 itachoka mu ligi ya Pac-12, makamaka a mu Januwale ndi Febuluwale ophunzira atabwerera ku tchuthi. Pa nthawi ya Khirisimasi ambiri amakhala kwawo, ndipo katani yopanda khamu kumbuyo kwake imachepa mphamvu.

Kufika n'kosavuta. Sitima ya Valley Metro imaima pa Veterans Way/College Avenue, ndipo kuchokera pamenepo ndi mtunda woyenda pansi mphindi zochepa, m'munsi mwa kaphiri kolembedwa chilembo A. Amayi, chikwama chachikulu chija chisiyeni, pakhomo amafuna chikwama choonekera mkati kapena kachikwama kakang'ono ka m'manja. Tikiti ikhale pa foni, ndipo foni ikhale ndi moto. Chakudya cha m'mabwalo ambiri a masewero ku America n'chodula, ndiye ife timadyeratu pa Mill Avenue tisanalowe. Tengani juzi. Masana a ku Arizona amanyenga, koma usiku wa Januwale mukamadikira sitima kumazizira ndithu.

Za ana ndi akuluakulu, ndinene poyera. Nthawi zina kuseri kwa nsaluyo kumatuluka mnyamata wamimba yake atavala thewera kapena kabudula wamkati yekha, akudzigwedeza. Ana amafa nazo n'kuseka ndipo palibe chotukwana, koma ngati mwatenga apongozi amene angobwera kumene kuchokera kumudzi, auzirenitu, kapena mukhale mipando yotalikirana pang'ono. Ine ndinapitako ndi malume anga ulendo wina. Anakhala chete chigawo chonse chachiwiri manja atapinda, kenako potuluka anandifunsa ngati anyamatawo amakhoza mayeso.

Ndipo musachite zimene amachita ena, zonyamuka kutatsala mphindi zisanu kuti athawe mzere wa sitima. Masewero akakhala othinana, kumapeto ndi kumene mafaulo amachuluka, one-and-one imayamba, ndipo ophunzira aja amasunga zovala zawo zoopsa kwambiri kudikira nthawi imeneyo. Sitima ina ibwera.