Ka studio ka kuseli kwa depoti ku Kasungu, komwe chigayo chimasanduka nyimbo

Amene mumafunsa ngati mnyamata uja wa ka studio ka kuseli kwa depoti amapanga bwino nyimbo, ntchito yake ndaiona. Khutu ali nalo ndithu, koma ngati muli pa changu musapiteko.

Iyeyu sapanga ma beat a amapiano omwe aliyense wagwira masiku anowa ayi. Ali ndi ka rekoda ka Zoom H1n, ka mabatire awiri a AAA kaja, amangoyenda nako nkumajambula phokoso basi. Ine ndinamuuza andipangire nyimbo ya kwathu ku Santhe ndiye anakajambula chigayo cha dizilo chikulira, azimayi akusinja, achule a kudambo madzulo ndi mabelu a akabaza. Atafika pa laptop mu FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo, anadula kugunda kwa musi nkukuika ngati ng'oma, chigayo chija anachitsitsa mawu mpaka chinasanduka bass yonjenjemeretsa malata, achule akungoyankhira chapatali ndi ka echo. Woyimba palibe, kolasi palibe. Alamu anga atamva anangoti sipikala yanu yafa kkkk koma mukavala ma headphone thupi limachita tsemwe, phokoso lomwe timadandaula nalo daily lija likukoma.

Pomwe amandikhumudwitsa ndi mphepo. Ka ubweya kovindikira mic kaja alibe, amangokulunga sokosi, ndiye mvuu zomwe anakajambula pa damu la Lifupa ku Kasungu National Park theka lake ndi fuuu fuuu yekhayekha, zachisoni chifukwa pomwe zamveka bwino mpoopsa. Solar alibenso, magetsi akathima mumangocheza.

Nyimbo ikatha amakuikirani yekha pa intaneti, osadikira label (kampani yotulutsa nyimbo) kapena DJ wa pa wailesi, amene mwina sangaiseweretu nyimbo yopanda mawu ya 7 minutes. Pa Audiomack ndi ulere ndipo achinyamata kuno ndi komwe amamvera. Bandcamp ndiye kuli anthu akunja okonda zachilendozi, mtengo mumaika nokha a Bandcamp amadula 15%, kungoti ndalama zake sizigwera pa Mpamba kapena Airtel Money, ndiye mufunsiretu kuti zidzakupezani bwanji.

China, amakonda kutsegula akaunti ndi email yake ati kufulumiza. Mukane. Tsegulani ndi yanu, password musunge nokha, ndipo file ya WAV, yomwe mawu ake amakhala athunthu osafinyidwa, akupatseni pa flash musanamalize kulipira, osati ka mp3 ka pa WhatsApp.