Pulogalamu yomasulira Chifalansa pafoni: nyenyezi 3 mwa 5

Kwa madalaivala a mathiraki ndi amalonda odutsa pa Kasumbalesa, boda ya Zambia ndi Congo, kupita ku Lubumbashi, pulogalamuyi ndi yothandiza powerenga zikwangwani ndi mapepala. Pa mawu okuluwika ndi pa mitengo musaidalire.

Musananyamuke, dawunilodani Chifalansa pa wifi kuti izigwira popanda bandulo. Mukaloza kamera pa mawu osindikizidwa imawerenga bwino: douane ndi kasitomu, laissez-passer ndi chiphaso chodutsira, péage ndi malo olipirira msewu. Zolemba pamanja, monga malisiti a pamsika, imangolota. Polemba nokha musasiye timizere ta pamwamba pa zilembo, chifukwa ou ndi "kapena" pomwe où ndi "kuti?". Dinikizani chilembocho kwa kanthawi, timizereto tituluka.

Vuto lalikulu ndi lakuti kumasulira kwake kumaoneka kuti kumadzera kaye m'Chingerezi, ndiye ulemu umatayikira panjira. Chifalansa chili ndi tu ndi vous, monga ife tili ndi iwe ndi inu, koma Chingerezi chimangowaphatikiza. Mukalemba "muli bwanji bambo", nthawi zina imakupatsani comment vas-tu, kumene kuli kumuyankhula wapolisi ngati mwana wanu. Onani ngati muli vous musanaonetse munthu foniyo. Chimodzimodzi s'il vous plaît ndi s'il te plaît: onse ndi "chonde", koma wachiwiriyo ngwa anzanu ndi ana.

Chodandaulitsa n'chakuti ziganizo zambiri sizifuna n'komwe njira yozungulirayi. Ça va? ndi "zikuyenda?" basi. J'ai faim ndi "ndili ndi njala", j'ai 30 ans ndi "ndili ndi zaka 30", liwu ndi liwu.

Mawu okuluwika alembeni athunthu. Pot-de-vin mukawaduladula mumva za mtsuko wa vinyo, pomwe akunena ziphuphu. Pourboire ndi kangachepe kothokozera amene wakutumikirani, ndipo awiriwa si ofunika kuwasokoneza paboda. Coup de main ndi chithandizo, osati kumenya munthu khofi. Rendez-vous si za zibwenzi zokha ayi, ngakhale nthawi imene mwapangana ndi dokotala ndi yomweyo. Winanso ndi merci: munthu akapatsidwa chakudya n'kunena merci akupukusa mutu, ndiye kuti wakana, koma pulogalamuyi ingolemba "zikomo".

Pa manambala m'pamene ndaichotsera nyenyezi yachiwiri. Imayankhula za ku France, kumene 70 ndi soixante-dix (60 ndi 10) ndipo 90 ndi quatre-vingt-dix (ma 20 anayi ndi 10). Ku Congo, potengera a ku Belgium amene ankalamulira dzikolo mpaka 1960, amati septante ndi nonante. Mukailembera imawazindikira, koma mukaimvetsera ndi maikolofoni pakati pa phokoso la injini imasokonezeka. Wosintha ndalama muuzeni alembe mtengo pa kakyuleta. Pa filing'i sitesheni, essence ndi petulo, ndipo dizilo ambiri kumeneko amati mazout, pomwe pulogalamuyi imakonda gazole.

Batire imadya kwambiri kamera ikakhala yotsegula, choncho jambulani pepalalo kamodzi n'kumasulira chithunzicho. Ikanakhala ndi Chiswahili cha ku Lubumbashi, chomwe ndi chimene chimamveka kwambiri m'misika ya kumeneko, ndikanaiwonjezera nyenyezi.