Mega, masitepe kapena tebulo limodzi? Kwa amene mukufuna mpando wa $10,000 koma poker si ntchito yanu

Anzanga omwe timasewera ma tournament a $10 ndi $20 madzulo tikaweruka, nthawi imafika yoti mtima uyambe kulakalaka mpando wa Main Event, mpikisano waukulu wa World Series of Poker (WSOP) ku Las Vegas, ndiye poti $10,000 palibe wa ife angangoitulutsa m'thumba, njira ndi satellite basi, mpikisano wotchipirapo womwe mphoto yake ndi mpando wa mu mpikisano waukulu. Koma ma satellite si amodzi ayi. Pali mega ya matebulo ambiri, pali masitepe, pali ya tebulo limodzi, palinso ija ya milestone yomwe yatchuka zaka zomwezi, ndipo kaseweredwe kake nkosiyana kwambiri moti amene amachita bwino kwina amatha kungotaya ndalama kwinaku. Ine maganizo anga ndinene poyera, kwa munthu wosewera mwa apo ndi apo mega ndiye yabwino, koma muilowe kudzera pa tikiti yotchipa, ndipo nthawi yanu yokonzekera ithere pa kuphunzira kufolda, kutanthauza kuponya makadi osapitiriza kubetcha.

Tiyambe ndi ya tebulo limodzi chifukwa ndi yomwe imakopa anthu msanga. Mumakhala anthu 10, aliyense walipira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mtengo wa mpando kuphatikizapo ya kasino, ma chips ochepa, ma blinds (ma chips omwe mumaika mokakamizidwa musanaone makadi) akukwera mothamanga, wotsala yekha ndiye watenga zonse. Ubwino wake imatha msanga, ola limodzi kapena awiri mwadziwa kale ngati zatheka. Komanso kaseweredwe kake nkoyandikira kamene munazolowera, chip iliyonse ili ndi ntchito mpaka kumapeto chifukwa muyenera kuwatenga onse. Vuto ndi loti wachiwiri amachoka chimanjamanja, pokhapokha mutagwirizana zogawana mukatsala awiri kapena atatu, ndipo pa zokambirana zimenezo ma regular omwe amakhalira matebulo amenewa tsiku ndi tsiku amakudyerani masuku pamutu ngati simudziwa kuti stack yanu, mulu wanu wa ma chips, ikuyenera ndalama zingati. Ngati heads-up, kusewera mutatsala awiri okha, simunaiyeserere mokwanira, iyi isiyeni kaye.

Mega ndi nkhani ina. Tiyerekeze satellite ya $1,100, mwalowa anthu 200, mipando ikhala pafupifupi 20, ndipo onse 20 alandira chinthu chimodzimodzi, amene ali ndi phiri la ma chips ndi amene watsala ndi ka chip kamodzi. Apa mpamene munthu wamba amapezera mpata, chifukwa simukufunika kuposa aliyense luso, mukungofunika anthu 180 atuluke inu musanatuluke. Ndipo ambiri amatuluka okha, amasewera ngati ali mu tournament wamba yomwe nambala 1 ndiye amatenga ndalama zambiri.

Masamu ake ndi osavuta, muwachite musanakhale nkomwe pampando. Ngati aliyense wayamba ndi ma chips 10,000 ndipo mpando umodzi ndi wa anthu 10, pomwe bubble ikuphulika, kutanthauza pomwe womaliza wosapeza mpando akutuluka, avereji idzakhala 100,000. Nambala imeneyo ndiye muziyenda nayo m'mutu. Mukafika pafupi nayo, ngakhale mutaipereweza pang'ono, ma chips owonjezera sakuthandizaninso kwenikweni koma kutaya omwe muli nawo kukuphani. Ndiye taonani izi, mwatsala 21, mipando 20, inu muli pakatikati, matebulo enawo kuli anthu atatu omwe atsala ndi ma chips okwana ma big blind (blind yaikulu) awiri awiri, mkulu wa stack yaikulu patebulo panu washova all-in, kutanthauza walowetsa ma chips ake onse, inu mwasuzumira makadi mwapeza AA, ma ace awiri, makadi oyambira abwino kuposa onse. Manja amayabwa, ndikudziwa. Koma AA imawina pafupifupi 85% ikakumana ndi makadi awiri aliwonse, kutanthauza kuti pa maulendo 100 mutuluka ka 15 opanda kanthu, pomwe mukangoponya makadiwo ndikukhala phee, kuti mutuluke ndi inuyo pafunika atatu onse aja apulumuke kambirimbiri. Ndiye mumafolda ma ace. Amene sangathe kuchita zimenezi asalowe mega ya ndalama zambiri, ndikunenetsa.

Mbali inayo ndi yofunikanso chimodzimodzi ndipo ambiri amaiiwala. Poti anthu odziwa sangapange call, kutanthauza kuvomera kubetcha kwanu nkuikapo ma chips awo, kushova kumakhala kotsika mtengo. Mukakhala ndi stack yoti simunatetezeke, muzikhala oyamba kulowetsa ma chips onse, makamaka pa ma blinds a anthu a stack yapakati omwe akungodikira mpando wawo. Osashova pa munthu yemwe mwamuona akupanga call ndi makadi ofooka ngati A9 kapena ma 6 awiri chifukwa choti sakumvetsa zomwe zikuchitika, ameneyo akuphani limodzi ndi iye mwini. Nchifukwa chake maola oyambirira a mega, pomwe ma blinds ali ochepa, ntchito yaikulu ndi kuyang'ana anthu, ndani akuwerenga wotchi ndi chiwerengero cha otsala pa sikirini, ndani akungosewera makadi ake osadzutsa mutu.

Kuipa kwa mega ndi mtengo wake, ndipo apa tisanamizane. Munthu wa luso la pakatikati amapeza mpando kamodzi pa maulendo 10. Mukawerengera, mwayi woti mulowe ka 10 osapeza kalikonse ndi pafupifupi 35%. Ngakhale mutakhala odziwa moti mwayi wanu wakwera kufika 15% ulendo uliwonse, mwayi wolephera ka 10 motsatizana ukadali pafupifupi 20%. Kulowa ka 10 pa $1,100 ndi $11,000, kuposa mtengo wa mpando weniweniwo. Ndiye musanayambe lembani papepala kuti ndilowa kangati, zikakana ndasiya, ndipo ikhale ndalama yoti itapita pakhomo sipagona njala. Ya fizi ya ana, ya lendi, ya katapila, isayandikire nkomwe. Ichi ndi juga ndithu ngakhale muli luso mkati mwake, ndipo ma re-entry ndi omwe amamaliza anthu, munthu watuluka mtima uli m'mwamba akuthamangira kukagulanso.

Masitepe ndiye yankho la vuto la mtengoli, koma ali ndi msampha wake. Mumayamba ndi ka satellite ka madola ochepa pa intaneti, mukawina mumalandira tikiti ya sitepe yotsatira, kenako ina, mpaka yomaliza yomwe ikupereka mpando. Chris Moneymaker anadzera momwemu mu 2003, analowa ya $86 pa PokerStars, tsamba la poker la pa intaneti, nkupeza tikiti ya satellite yokulirapo, nkupeza mpando, kenako nkuwina Main Event yonse pa anthu 839, $2.5 miliyoni, munthu wowerengera ndalama za kampani wa ku Tennessee. Chaka chotsatira Greg Raymer nayenso anadzera pa satellite ya pa intaneti nkutenga $5 miliyoni. Ndipo zinayamba kale, Tom McEvoy mu 1983 ndiye woyamba kuwina Main Event atalowera pa satellite. Nkhani zimenezi ndi zoona koma zisakupusitseni za kukula kwa phirilo masiku ano, mu 2024 analowa anthu 10,112 ndipo Jonathan Tamayo ndiye anatenga $10 miliyoni.

Msampha wa masitepe ndi kuchulukitsa. Ngati sitepe iliyonse imadutsa mmodzi pa anthu 5, masitepe atatu ndi mmodzi pa 125. Anthu amaona kuti ndi $5 yokha nkumangodina, kudina, mwezi ukamatha apeza ataya ndalama yoti akanalowera sitepe yapakati mwachindunji kangapo, kuphatikiza nthawi yambirimbiri. Ine ndimati musayambire pansi penipeni. Yambirani sitepe imodzi yokha pansi pa mega, monga ya $109 kapena yoyandikira pamenepo yomwe ikupereka tikiti ya $1,050 kapena $1,100, ndipo musankhe yokhala ndi matikiti angapo osati imodzi. Phindu lake ndi pawiri, mukusaka tikiti pamtengo woti mungaupirire, komanso mukuyeserera bubble yeniyeni ya satellite mobwerezabwereza, chinthu chomwe palibe buku kapena vidiyo ingakuphunzitseni mmene manja amanjenjemerera. Muonetsetsenso malamulo a tikitiyo, ena amakulowetsani okha mu satellite yotsatira ngakhale ikuyamba 2 koloko usiku inu mawa kuli ntchito, ena amakupatsani tikiti yoti musunge koma ili ndi tsiku lothera.

Ya milestone, ena amati target stack, sindikhalitsapo. Mukangofikitsa ma chips omwe anenedwa, mwachitsanzo kuchulukitsa ka 10 omwe munayamba nawo, mumaima, amakupatsani mpando, ma chips anu amachotsedwa. Kulibe zochedwetsa dala masewera, kulibe zofolda AA kudikira wina afe. Imakomera anthu olusa omwe amadziwa kumanga stack, ndipo mwayi uja wa munthu wodekha womwe uli mu mega umachepa. Ngati mumachokera ku cash game, komwe ma chips ndi ndalama zenizeni osati tournament, mwina ikuyanjani kuposa mega. Chimodzi chokha, mukatsala pang'ono kufika pa target musaike stack yonse pachiswe pofuna ma chips opitirira omwe mukufunika, opitirirawo alibe ntchito.

Tsopano zokonzekera, poti apanso anthu amataya ndalama. Pa mapulogalamu a pa kompyuta owerengera kaseweredwe koyenera, pali GTO Wizard, pali ICMIZER, pali HoldemResources Calculator yomwe ambiri amangoti HRC. GTO Wizard ndi yokongola, ili ndi zambiri, imakuphunzitsani kusewera pa flop, turn ndi river, makadi a pakati pa tebulo akamatsegulidwa, koma ndi yodula pamwezi ndipo zambiri mwa zomwe muphunzire kumeneko ndi za ma stack akuya, pomwe mega imagamulidwa anthu ali ndi ma big blind 5 mpaka 15, shove kapena fold basi. ICMIZER ndi yosavuta kuyamba nayo, mumalowetsa ma stack, mumaiuza kuti mphoto zonse nzofanana, imakuonetsani makadi oyenera kushova ndi oyenera call, ndipo mudzadabwa kuona mmene call imafinyikira mpaka kutsala KK ndi AA, nthawi zina osatsala kanthu. HRC imachita zomwezo mozama, imatha kuwerengera bwino matebulo ambiri, koma imafuna kompyuta yabwinoko ndi kuleza mtima. Kwa munthu amene ali ndi milungu yochepa ndi ntchito ya masana, mwezi umodzi wa ICMIZER kapena HRC ukukwana. Mukatha satellite iliyonse yaing'ono tengani ma hand atatu kapena anayi omwe munakayika, alowetseni, kenako sinthani ma stack muone pomwe yankho likutembenukira. Pakapita nthawi mumayamba kuziona nokha patebulo. Coach wa ola limodzi ndi wabwino ngati alidi katswiri wa ma satellite, ngati mmene Dara O'Kearney wa ku Ireland amadziwikira, koma coach wa cash game pa nkhani iyi akusokonezani.

Pa intaneti kapena pa kasino? Pa intaneti nkotchipa, ma satellite ndi ambiri, GGPoker ndiye ili ndi njira zambiri zopita ku WSOP makamaka chichokereni pomwe kampani yake inagula dzina la WSOP mu 2024, ndipo kawirikawiri amapereka package, mpando pamodzi ndi ndalama ina yoyendera. Koma anthu ake ndi olimba, ma regular a ma satellite ali mbwee, ndipo ngati muli kumudzi kuno magetsi akazima kapena netiweki ikagwa muli ndi ma big blind 6 ma blinds amangokudyani mukuyang'ana, ndiye laputopu ikhale yodzaza, foni ina ya bandulo ikhale pambali. Pa kasino anthu ndi ofewa kwambiri, alendo ongobwera kudzasangalala amakhala ambiri, koma ma mega a WSOP amachitikira ku Las Vegas komweko ku Horseshoe ndi Paris, ndiye mwalipira kale ndege ndi hotelo musanadziwe ngati mpando muupeza. Muonenso lamulo la komwe muli. Ku South Africa poker ya pa intaneti ndi yoletsedwa, koma ya pa kasino ilipo, SunBet Poker Tour imazungulira ku Time Square ku Pretoria, GrandWest ku Cape Town ndi Sibaya ku Durban, ndipo kwa abale omwe muli ku Joni satellite yolowera main event ya kumeneko ndi poyambira panzeru kuposa kulota Vegas. Omwe muli ku UK zanu zili bwino, masamba a poker a pa intaneti ndi ovomerezeka ndipo zomwe mwawina sizidulidwa msonkho.

Chomwe chimandipweteka ndi kuona munthu akuvutikira mpando woti sakaukhala. Mpando wa satellite nthawi zambiri sungasinthidwe kukhala ndalama ndipo sungapatsidwe kwa wina. Mu August 2025 America inayamba kufuna kuti a pasipoti ya Malawi ndi Zambia azisiya chikole cha $5,000, $10,000 kapena $15,000 pofuna visa yokacheza, ndipo malamulo a visa amasinthasintha, ndiye nkhani ya visa muithetse kaye musanalowe satellite iliyonse ya ku Vegas. Mukakawina kumeneko, mlendo wochokera dziko lomwe lilibe pangano la msonkho ndi America amadulidwa 30% pomwepo, okhala ku UK ndi South Africa pangano limawateteza, Malawi ilibe. Ndipo ngati mwagulitsako gawo la action yanu kwa anzanu kuti mtolo upepuke, kutanthauza alipirako ndalama yolowera nkudzatenga peresenti ya zomwe mwawina, zomwe ine ndimalimbikitsa pa mega yoyamba, mugwirizane polemba pa WhatsApp kuti peresenti yawo ili pa mpando wokha kapena ikupitirira mpaka ku Main Event, komanso ngati ikuwerengedwa msonkho usanadulidwe kapena utadulidwa kale.