Mapulogalamu a PhET pophunzira mole, ma equation ndi ma solution: pamene amathandiza ndi pamene amalekezera

Aliyense amene anaphunzitsapo kemisitiri kwa ophunzira oyamba kumene amadziwa kuti ambiri amagwa mphwayi pamene nkhani ya mole, muyeso wowerengera maatomu ndi mamolekyulu, yafika. Kufikira pamenepo phunziroli limakhala la mayina a zinthu ndi zizindikiro zake, koma kuyambira tsiku limenelo wophunzira amayenera kuwerengera tinthu timene sanationepo ndi maso, ndipo amapatsidwa nambala ya 6.02 × 10²³, chiwerengero cha tinthu ta mu mole imodzi, kuti aisunge m'mutu. Mapulogalamu a PhET Interactive Simulations, amene amalola wophunzira kuyesera za sayansi pa sikirini, anapangidwa kuti athandize pa mavuto otere, ndipo pano ndikuunika anayi amene akukhudza gawo limeneli, omwe ndi Balancing Chemical Equations, Reactants, Products and Leftovers, Molarity ndi Concentration. Ine ndikuona kuti onse anayi ndi abwino kwambiri pa ntchito imene anawapangira, koma pali gawo lalikulu la masamu a mole limene salikhudza n'komwe, ndipo wowagwiritsa ntchito ayenera kudziwiratu zimenezi asanayambe kuwadalira.

PhET ndi ntchito ya yunivesite ya Colorado Boulder ku United States, ndipo anaiyambitsa m'chaka cha 2002 ndi Carl Wieman, katswiri wa fizikisi amene analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2001. Poyamba inkakhudza fizikisi, koma pambuyo pake anawonjezeramo kemisitiri, masamu ndi maphunziro ena a sayansi. Mapulogalamuwa amapezeka mwaulere pa intaneti, amatseguka pa kompyuta ngakhalenso pa foni, ndipo munthu angathe kukopera imodzi n'kumaigwiritsa ntchito popanda intaneti. Pa foni yaing'ono timabatani timapanikizana ndipo chala chimalakwitsa kawirikawiri, choncho kompyuta kapena tabuleti ndiye zoyenera.

Pulogalamu imene ndimaikonda kuposa zinazo ndi Balancing Chemical Equations, yophunzitsa kufananitsa mbali ziwiri za equation, mzere wa zizindikiro wosonyeza zinthu zoyambira ndi zotuluka. Imayamba ndi zitsanzo zitatu, kupanga amoniya kuchokera ku naitrojeni ndi haidrojeni, kugawa madzi kuti atuluke haidrojeni ndi okosijeni, ndiponso kutentha mpweya wa methane. Wophunzira amakweza kapena kutsitsa nambala imene imakhala patsogolo pa chinthu chilichonse, imene imatchedwa coefficient, ndipo nthawi yomweyo mamolekyulu amaoneka m'mabokosi awiri, lina la zinthu zoyambira ndi lina la zinthu zotuluka. Angathenso kusankha kuti aone sikelo ya atomu yamtundu uliwonse, imene imapendekera mbali imene yachulukitsa ndi kukhala chilili pokhapokha mbali ziwirizo zafanana. Chimene chikuphunzitsidwa apa ndi lamulo limene Antoine Lavoisier analifotokoza momveka m'chaka cha 1789, lakuti zinthu zikasakanikirana n'kusanduka zina, kulemera kwake konse sikuchepa kapena kuwonjezeka, chifukwa maatomu amangosintha malo ndi anzawo ogwirana nawo.

Ubwino waukulu wa pulogalamuyi uli pa chinthu chimene imakaniza. Cholakwa chofala kwambiri pakati pa oyamba kumene ndicho kusintha tinambala tating'ono ta m'munsi mwa zizindikiro pofuna kuti mbali ziwiri zifanane. Wophunzira akaona H₂ + O₂ → H₂O, amazindikira kuti okosijeni wachepa kudzanja lamanja, ndiye amangolemba H₂O₂ n'kuganiza kuti wamaliza, osadziwa kuti wasandutsa madzi kukhala hydrogen peroxide, chinthu china kotheratu. Mu pulogalamuyi tinambala timeneti sitikhudzika ayi, ndipo njira yokhayo yowonjezera okosijeni ndiyo kuwonjezera molekyulu yonse ya madzi, imene imabwera ndi maatomu ake awiri a haidrojeni, n'kukakamiza wophunzira kubwerera kumanzere kuti akakonzenso kumeneko mpaka atafika pa 2H₂ + O₂ → 2H₂O. Mphunzitsi angathe kunena lamulo limeneli kambirimbiri pa bolodi koma osamveka, pamene apa wophunzira amalipeza yekha ndi zala zake. Palinso masewera a magawo atatu amene amanka navutiravutira, ndipo wina akayankha ndi manambala olondola koma aakulu mosafunikira, monga 4H₂ + 2O₂ → 4H₂O, amauzidwa kuti mbali ziwirizo zafananadi koma manambalawo sanachepetsedwe. Kusiyanitsa kumeneku ndi kwanzeru, chifukwa sikumuuza kuti walakwa pamene walondola mbali yaikulu ya ntchito. Chimene pulogalamuyi siphunzitsa ndi kulemba formula, zizindikiro zoimira chinthu monga H₂O, kuchokera ku dzina la chinthucho, popeza ma formula onse amabwera olembedwa kale, pamene pa mayeso wophunzira nthawi zambiri amapatsidwa mayina okha.

Reactants, Products and Leftovers imayankha funso lotsatira, lakuti chimachitika n'chiyani ngati zinthu zoyambira sizili pa muyeso umene equation ikufuna. Imayamba ndi kupanga masangweji kuchokera ku buledi ndi tchizi, gawo limene ophunzira akuluakulu angathe kulidumpha, kenako imafika pa mamolekyulu enieni. Pano m'pamene maganizo ena olakwika amathera, akuti chinthu chimene chili chochepa ndicho chimayamba kutha. Mu N₂ + 3H₂ → 2NH₃, munthu akaika mamolekyulu awiri a naitrojeni ndi atatu a haidrojeni, amaona kuti haidrojeni ndiye watha ngakhale anali wochuluka, amoniya watuluka mamolekyulu awiri, ndipo molekyulu imodzi ya naitrojeni yatsala yosagwira ntchito. Wophunzira akaona zimenezi kangapo amayamba kuyang'ana ma coefficient asanaweruze, ndipo chizolowezi chimenechi n'chimene chimafunika pa masamu onse a limiting reactant, chinthu choyambira chimene chimayamba kutha.

Mapulogalamu awiri a ma solution, kutanthauza madzi osungunuliramo chinthu china, ndi ofanana koma si amodzi. Molarity ndi yosavuta: pali kapu yagalasi, kotsetsereka kamodzi kosinthira ma mole a chinthu chosungunulidwa, ndi kena kosinthira malita a solution. Mtundu wa madziwo umada kapena kuyererako malinga ndi zimene munthu wasintha, ndipo angasankhe zinthu za mitundu yowala monga potassium permanganate, potassium dichromate ndi copper sulfate. Akaika 0.5 mole ya copper sulfate mu theka la lita amapeza concentration, kapena kuti ma mole pa lita iliyonse, ya 1.0 mol/L, ndipo akakweza madziwo kufika lita yathunthu nambalayo imatsika kufika 0.5 mol/L pamene ma mole sanasinthe. Ngati wachulukitsa chosungunulidwacho kapena wachepetsa madzi kwambiri, pulogalamuyi imasonyeza kuti solution yakhuta, timibulu tosasungunuka timakhala pansi, ndipo nambala ya concentration imaleka kukwera. Ndi bwino kubisa manambala poyamba kuti wophunzira aneneretu chimene chichitike asanaone yankho.

Concentration ndiyo ili ndi zambiri kuposa inzakeyo, ndipo ndiyo ndingalimbikitse ngati nthawi ilipo ya imodzi yokha. Muli mpopi wothirira madzi, mpopi wina wotulutsira solution pansi, chowazira ufa wa chinthu chosungunulidwa, kotsetsereka koumitsira madzi, ndi kachipangizo koyezera kamene munthu amakaviika m'madzimo. Funso limene ndimalikonda kufunsa ndi ili: ngati titataya theka la solution kudzera pa mpopi wa pansi, kodi concentration isintha bwanji? Ophunzira ambiri amayankha kuti itsika ndi theka, ena amati ikwera, koma akatsegula mpopiwo amaona kuti nambala ya pa choyezera yangokhala pomwepo, chifukwa ma mole ndi malita zachepa pamodzi pa muyeso wofanana. Akatseka mpopiwo n'kuumitsa madzi, nambala imakwera, chifukwa tsopano madzi okha ndi amene akuchoka. Akathira madzi ena imatsika. Zochitika zitatuzi zikaonedwa motsatizana, C₁V₁ = C₂V₂, pamene C ndi concentration ndipo V ndi malita a solution asanathire ndi atathira madzi, imaleka kukhala chinthu choloweza pamtima, chifukwa wophunzira waona yekha kuti pothira madzi ma mole a chosungunulidwa sasintha, ndipo angathe kufotokoza chifukwa chake mamililita 50 a solution ya 2 mol/L amafunika kufikitsidwa pa mamililita 200 kuti akhale 0.5 mol/L.

Tsopano ndifike pa chimene chikusowa, chimene kwa ine ndi nkhani yaikulu. M'mapulogalamu awiri a ma equation zinthu zimawerengedwa ngati mamolekyulu amodziamodzi, ndipo mu Molarity ma mole amaperekedwa okonzeka kale pa kotsetsereka. Koma mu labotale palibe chipangizo chimene chimawerenga mamolekyulu kapena kuyeza ma mole mwachindunji, chimene chilipo ndi sikelo yoyeza magalamu. Mole inakhazikitsidwa kuti ilumikize zinthu ziwirizi, kulemera kumene timatha kuyeza ndi chiwerengero cha tinthu timene sitingathe kutiwerenga, monga mmene dazeni imaimira zinthu 12 posatengera kuti ndi zolemera bwanji. Kuyambira m'chaka cha 2019 mole imodzi ndi tinthu 6.02214076 × 10²³ ndendende, ndipo kulemera kwa mole imodzi kumasiyana malinga ndi chinthucho: madzi ndi magalamu pafupifupi 18, methane 16, okosijeni wa O₂ 32, ndipo carbon dioxide 44. Kusintha magalamu kukhala ma mole pogawa ndi molar mass, kulemera kwa mole imodzi kumeneku, ndi kubwereranso ku magalamu pochulukitsa, ndiko kumene ophunzira amapunthwa kwambiri, ndipo mapulogalamu anayiwa samuyendetsa wophunzira m'njira imeneyi.

Chifukwa cha ichi, pulogalamu ikatsekedwa pamafunika pepala ndi cholembera. Wophunzira amene wangomaliza kufananitsa CH₄ + 2O₂ → CO₂ + 2H₂O pa sikirini afunsidwe nthawi yomweyo kuti magalamu 8 a methane akafuna okosijeni wochuluka bwanji kuti apse onse. Agawa 8 ndi 16 n'kupeza 0.5 mole, equation imuuza kuti mole iliyonse ya methane imafuna ma mole awiri a okosijeni, choncho pafunika mole imodzi, imene ndi magalamu 32. Zotuluka ndi 0.5 mole ya carbon dioxide, magalamu 22, ndi mole imodzi ya madzi, magalamu 18. Akaphatikiza apeza kuti 8 ndi 32 ndi 40, ndipo 22 ndi 18 ndi 40, ndiye kuti sikelo imene anaiona pa sikirini yaonekeranso m'magalamu. Kenako achepetseredwe okosijeni kufika magalamu 16, amene ndi 0.5 mole. Apa okosijeni ndiye wolemera kuposa methane, ndipo ma mole awo ndi ofanana, komabe okosijeni ndiye ayambe kutha, atatentha 0.25 mole yokha ya methane n'kusiya magalamu 4 osapsa. Wophunzira amene amangodziwa kuwerenga timipira ta pa sikirini sangafike pa yankho limeneli payekha, pamene amene waphunzira zonse ziwiri amaona kuti ndi nkhani yomwe ija ya naitrojeni wotsala.

Ku ma solution nakonso kuli mpata womwewo. Kuti munthu akonze mamililita 250 a sodium chloride wa 0.1 mol/L, ayenera choyamba kusintha mamililitawo kukhala 0.25 lita, sitepe imene ambiri amaiiwala n'kupeza yankho lokula ka 1000, kenako apeze 0.025 mole, ndipo achulukitse ndi 58.5 kuti apeze magalamu pafupifupi 1.46 oti ayeze pa sikelo. Ayeneranso kudziwa kuti mamililita 250 amenewa ndi a solution yonse, si a madzi othiridwa, n'chifukwa chake mu labotale amasungunula kaye m'madzi ochepa kenako n'kuwonjezera mpaka pa mzere wa botolo loyezera. Copper sulfate, amene amaoneka bwino kwambiri pa sikirini, ali ndi msampha wakewake, chifukwa timibulu ta buluu timene timapezeka mu labotale timakhala ndi madzi mkati mwake, CuSO₄·5H₂O, ndipo mole imodzi imalemera magalamu pafupifupi 250, pamene ufa woyera wopanda madzi umalemera pafupifupi 160. Woyeza akasokoneza ziwirizi, solution yake ikhala yolakwika ngakhale masamu ena onse atalondola.

Sindikuona kusowaku ngati chifukwa chopewera mapulogalamuwa, popeza anawapanga kuti pulogalamu iliyonse ifotokoze mfundo imodzi momveka, ndipo kuchepa kwa zinthu pa sikirini ndi kumene kumachititsa kuti wophunzira asasochere. Nkhawa yanga ili pa wophunzira amene akuwerenga yekha, amene angapambane masewera onse n'kukhulupirira kuti mutu wa mole waumvetsa, chonsecho sanagawepo magalamu ndi molar mass ngakhale kamodzi. Mapulogalamuwa sapereka malangizo ambiri pa sikirini, ndipo amayembekezera kuti munthu afufuze yekha, zimene zimayenda bwino ngati pali wina womufunsa mafunso oyenera, koma popanda mafunsowo ena amangotsetsereza timabatani mpaka yankho litatulukira mwangozi. Wowerenga yekha adzikakamize kulemba yankho lake papepala asanakhudze batani lililonse, ndipo pa equation iliyonse imene waifananitsa adzipatse funso limodzi la magalamu. Aphunzitsi angathe kulembetsa mwaulere pa webusaiti ya PhET kuti apeze malangizo a pulogalamu iliyonse ndi ntchito zimene aphunzitsi ena anakonza, ndipo posankha ntchitozo ndi bwino kutenga zimene zikufunsa wophunzira kuti aneneretu zotsatira komanso kuti asinthe mamolekyulu a pa sikirini kukhala ma mole ndi magalamu.